Mfuti ndi Nkhata pa Nkhondo ya Chiwaya

Munthu wochokera ku Chikwawa popita ku Blantyre amakwera mapiri podzera ku Madziabango, ndipo akapitiriza ulendo wake chakumpoto amadutsa ku Lunzu ndi ku Lirangwe asadatsikire ku Matope. Masiku ano ulendowu ndi wa pagalimoto, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 udali wapansi. Popeza sitima sizinkatha kudutsa pa mathithi a mtsinje wa Shire, katundu wopita kunyanja ankatsitsidwa kwa Katunga, nkusenzedwa pamutu kukwera mapiri ameneŵa mpaka ku Blantyre, kenaka nkukatulidwa ku Matope. Nsalu, mchere, zitsulo za sitima, mfuti ndi onga zidaloŵa m'dziko muno zili pa nkhata za makolo athu. Nchifukwa chake mwana wa ku Madziabango, ku Chileka kapena ku Lirangwe akamaphunzira mbiri ya mfuti, sayenera kuiŵala mutu umene udaisenza.

Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 makolo athu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, pokumbukira mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka pamoto. Komabe mfuti za chiwaya zidali zoŵerengeka. Chida chimene msilikali aliyense ankagona nacho ndi kudzuka nacho chidali mfuti ya papheŵa, yotulutsa chipolopolo chimodzi nthaŵi imodzi. Angerezi, Ajeremani ndi Apwitikizi adabwera ndi mfuti zawozawo, ndipo zambiri mwa izo zidagwidwa ndi manja a anthu akuda. Kodi yopambana idali iti? Funsoli likuoneka lapafupi, koma tikalitsata bwino litifikitsa ku Karonga, ku Mandala, mpaka kumidzi kwathu.

Kuchoka pa gogodela

Mfuti imene idayamba kufala kuno ndi gogodela, imene inkabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe la nyanja yamchere. Mwini gogodela ankathira onga kukamwa kwa mfuti, kuponyamo chipolopolo, nkutsendera ndi kachitsulo kakatali. Zonsezi ankachita ali chiimire, mdani akumuona. Katswiri weniweni ankawombera kaŵiri kapena katatu pa mphindi imodzi, ndipo mvula ikanyowetsa onga, mfutiyo inkasanduka ndodo. Pamene asilikali a Harry Johnston ankamenyana ndi Mlozi, Makanjira ndi Jalasi m'zaka za m'ma 1890, iwo adali ndi mfuti zoloŵetsera chipolopolo kumbuyo. Mfuti zoterezi munthu ankatha kuzidzaza atagona chafufumimba, ndipo chipolopolo chake chinkabwera chathunthu: chigoba, onga ndi mutu wake, zonse pamodzi.

Nthaŵi imeneyo ku Ulaya nzeru zopanga mfuti zidali zitafika kale patali. Kumbuyo kwa mpope wa mfuti adaikako chitsulo choyenda ngati mpiringidzo wa chitseko, chimene pa Chingerezi amati bolt. Msilikali akawombera ankatukula chogwirira cha mpiringidzowo, kuukokera kumbuyo kuti chigoba chitayike, kuukankhira kutsogolo kuti chipolopolo china chiloŵe, nkutsitsa chogwiriracho kuti utseke. Pansi pake padali kabokosi kosungiramo zipolopolo zingapo, kotchedwa magazini.

M'chaka cha 1884 Paul Vieille wa ku France adapanga onga wosafuka utsi, ndipo mu 1886 dziko lake lidatulutsa Lebel, mfuti yankhondo yoyamba kugwiritsa ntchito ongawo. Onga watsopanowu udali wamphamvu kuposa wakuda uja, motero chipolopolo chaching'ono chinkathamanga kwambiri ndi kufika kutali. Maiko ena sadafune kutsalira. Russia idatulutsa Mosin-Nagant mu 1891, Germany idatulutsa Mauser yatsopano mu 1898, ndipo America idatengera nzeru za Mauser popanga Springfield mu 1903. Pofika 1914 magulu onse akuluakulu ankhondo adali ndi mfuti za mpiringidzo.

Mfuti zinayi zimene zidamenya kuno

Asilikali a King's African Rifles, gulu limene lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo likulu lake kuno lidali ku Zomba, adamenya nkhondoyi ndi mfuti za mtundu wa Lee-Enfield. Dzinali ndi la James Paris Lee, amene adakonza mpiringidzo wake, ndi la Enfield, malo a pafupi ndi London kumene kudali fakitale yake. Yotchuka kwambiri idali yaifupi ya m'chaka cha 1907, yotalika masentimita 113 ndi yolemera pafupifupi makilogalamu 4. Chipolopolo chake ndi chija chotchedwa .303, cha mamilimita 7.7. Ubwino wake waukulu udali liŵiro. Magazini yake inkalandira zipolopolo 10, ndipo chogwirira cha mpiringidzo chidali pafupi ndi chala chokhethemulira, kotero kuti dzanja silinkayenda mtunda. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankayembekezeka kuwombera zipolopolo 15 zolunjika bwino pa mphindi imodzi.

Mfuti yatsopano ya Ajeremani idali Gewehr 98, ntchito ya Paul Mauser. Idali yotalika masentimita 125, ya chipolopolo cha mamilimita 7.92, ndipo magazini yake inkalandira zipolopolo 5 zokha. Mano otsekera mpiringidzo wake adali kutsogolo, pafupi ndi chipolopolo, pamene a Lee-Enfield adali kumbuyo. Zimenezi zinkachititsa Mauser kukhala yolimba kwambiri ndi yodalirika powombera kutali, ngakhale kuti inkachedwerapo pokoka ndi podzaza. Kulimba kwakeko nkumene kwachititsa kuti mpaka lero mfuti zambiri za alenje zizipangidwa motengera mpiringidzo wa Mauser.

Koma mfuti imeneyi idali yosoŵa m'dziko la Ajeremani la kummaŵa kwa Africa, limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania. Nkhondo ikuyamba, kumeneko kudali Ajeremani pafupifupi 260 ndi asilikali akuda pafupifupi 2,500, ogaŵidwa m'magulu 14. Ambiri mwa maguluŵa adali akadali ndi Mauser yakale ya 1871. Mpiringidzo idali nawo, koma magazini idalibe, kotero kuti msilikali ankaika chipolopolo chimodzichimodzi ndi dzanja. Chipolopolocho chidali chachikulu, cha mamilimita 11, ndipo mutu wake wokha wamtovu unkalemera magalamu 25, kufanana ndi chipolopolo chonse cha .303. Choipa koposa chidali onga wake wakuda. Msilikali akangowombera, utsi woyera unkatolo pamene wabisala, ngati akuuza mdani kuti ndili pano. Ajeremani adaisunga mfuti imeneyi chifukwa idali yokwanira polimbana ndi anthu a mikondo ndi gogodela, monga pa kuukira kwa Maji Maji kwa 1905 mpaka 1907. Sadaikonzere kukumana ndi gulu lankhondo la zida zatsopano.

Yachinayi idali ya Apwitikizi ku Mozambique, yotchedwa Mauser-Vergueiro, ya m'chaka cha 1904. Adaikonza ndi José Alberto Vergueiro, msilikali wa Chipwitikizi, koma inkapangidwa ku Berlin. Inkalandira zipolopolo 5 za mamilimita 6.5, zopepuka ndi zosafuka utsi.

Tikaziika pamzere mfuti zinayizi, tiyenera kukumbukira malo amene zinkagwirako ntchito. M'tchire la tsekera ndi m'nkhalango zoŵirira munthu saona patali, motero luso la Mauser lowombera kutali silinkaoneka kaŵirikaŵiri. Zofunika zidali kufupika, liŵiro ndi kusafuka utsi. Pa zitatu zonsezi Lee-Enfield idali patsogolo, ndipo Mauser ya 1871 idali kumchira kwenikweni. Wina akhoza kuganiza kuti nkhondo ya kuno ikadatha m'miyezi yoŵerengeka. Komatu akuluakulu adati nkhwangwa siithwera pachipala. Nkhondoyi idatenga zaka zinayi ndi miyezi itatu.

Ku Karonga

Kuwombana koyamba sikudali kwa pamtunda. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idapeza sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli, nkuiwononga. Kuyambira tsiku limenelo nyanja idali m'manja mwa Angerezi, ndipo adatha kutumiza asilikali, chakudya ndi zipolopolo ku Karonga popanda wowatsekereza.

Ajeremani adawoloka mtsinje wa Songwe. Usiku wa pa 8 Sepitembala gulu lawo ndi gulu la Kaputeni Barton adaphonyana m'tchire, lina likupita kummwera, lina kumpoto. Mmaŵa wa pa 9 Sepitembala Ajeremani adathira nkhondo pa Karonga, pamene padatsala asilikali ochepa okha. Ochepawo adalimbikira mpaka anzawo adabwerera kudzawapulumutsa, ndipo tsiku lomwelo magulu aŵiriwo adakumanizana pa Kasoa. Ajeremani adathaŵa atataya mizinga yawo iŵiri, ndipo ambiri mwa atsogoleri awo adaphedwa, kuvulazidwa kapena kugwidwa.

Pali chinthu china chomvetsa chisoni pa nkhondo ya m'malire amenewa. Mu 1911 boma lidathetsa gulu lachiŵiri la King's African Rifles pofuna kupulumutsa ndalama. Ena mwa asilikali ochotsedwawo adawoloka malire nkukalembedwa usilikali kwa Ajeremani, amene ankalipira bwino. Motero manja amene adaphunzira mfuti ku Zomba adakagwira Mauser, ndipo anthu a dziko limodzi adalozana mfuti pa mkangano umene sadauyambe.

Usiku wa ku Mandala

Mmodzi mwa anthu amene adamva kuŵaŵa ndi mwazi wa ku Karonga adali Mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 iye adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphaŵi a dziko lino akufera nkhondo ya eni ake, nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa.

Usiku wa Loŵeruka pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Chilembwe ankadziŵa bwino kusiyana kwa mkondo ndi mfuti ya mpiringidzo, ndipo pakati pa otsatira ake padali anthu onga David Kaduya, amene adakhalapo msilikali. Nchifukwa chake, pamene gulu lina linkapita ku Magomero kumene William Jervis Livingstone adaphedwa, gulu la anthu pafupifupi 100 lidalunjika ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya African Lakes Corporation ku Mandala. Adafika mbandakucha wa pa 24 Januwale, koma mfuu idamveka ntchito isadathe. Adabwerera ku Mbombwe ndi mfuti zisanu zokha ndi zipolopolo pang'ono.

Tingathe kunena kuti tsogolo la kuukirako lidadziŵika usiku umenewo. Pa 25 Januwale anthu a Chilembwe adabweza asilikali a boma amene adafika ku Mbombwe, zimene zikuonetsa kuti mtima adali nawo. Koma chipolopolo chilichonse chimene adawombera chidalibe choloŵa m'malo mwake, pamene boma lidali ndi njanji ndi sitima zobweretsa zina. Pa 26 Januwale asilikali adaloŵa mu Mbombwe, ndipo pambuyo pake adaphulitsa tchalitchi. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo ena pafupifupi 300 adaikidwa m'ndende.

Mfuti za mdani

Vuto limene Chilembwe adakumana nalo kwa masiku atatu, mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adakhala nalo zaka zinayi. Sitima zankhondo za Angerezi zidatseka gombe, ndipo m'dziko lakelo mudalibe fakitale ya mfuti. Sitima ziŵiri zokha ndizo zidazemba ndi katundu wochokera ku Germany. Yoyamba idamizidwa pafupi ndi Tanga mu Epulo 1915, ndipo Ajeremani adachita kuvuula m'madzi mfuti za Gewehr 98 ndi zipolopolo, zimene zambiri zidali zitanyowa. Yachiŵiri idafika ku Sudi mu Malichi 1916.

Zina zonse ankachita kulanda. Ku Tanga, mu Novembala 1914, adagonjetsa gulu la Angerezi lochokera ku India, nkutola mfuti zokwanira magulu atatu ndi zipolopolo zoposa theka la miliyoni. Pa 25 Novembala 1917, zipolopolo zitatsala pang'ono kumuthera, adawoloka mtsinje wa Rovuma nkugwira msasa wa Apwitikizi pa Negomano, pamene Lugenda amathira mu Rovuma. Pamenepo adapeza mfuti zatsopano ndi zipolopolo pafupifupi 250,000, ndipo asilikali ake ambiri adasiya Mauser zofuka utsi zija nkutenga za Chipwitikizi. Mu Julayi 1918 adachitanso chimodzimodzi ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane.

Kwa msilikali wotere funso loti mfuti yabwino ndi iti lidali ndi yankho limodzi: ndi imene zipolopolo zake zilipo lero. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipolopolo cha .303 sichiloŵa mu Mauser, ndipo cha Chipwitikizi sichigwira ntchito mu Lee-Enfield, motero mfuti yokongola chotani, zake zikatha, imangolemetsa pheŵa. Pamene Lettow-Vorbeck ankapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918, adali ndi Ajeremani 155 ndi asilikali akuda opitirira 1,100. Pafupifupi mfuti zonse zimene adatula zidali za Angerezi ndi za Apwitikizi.

Mtolo wa mtengatenga

Angerezi sankasoŵa kulanda, popeza mafakitale awo ankagwira ntchito usana ndi usiku. Vuto lawo lidali lofikitsa katunduyo kumene kuli nkhondo. Kuyambira 1908 njanji idali itafika ku Blantyre, ndipo mu 1915 idalumikizidwa ku Chindio pa mtsinje wa Zambezi, motero katundu wambiri sankakweranso mapiri a kwa Katunga. Kuchoka ku Limbe ankapita ku Zomba ndi ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, nkukwera sitima mpaka kumpoto kwa nyanja. Koma pamene asilikali a General Edward Northey adaloŵa m'dziko la Ajeremani mu Meyi 1916, adafika kumapiri kopanda misewu, ndipo m'madera ambiri ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chotsala chidali mutu wa munthu.

Tiyeni tiŵerengere. Mtengatenga mmodzi ankasenza makilogalamu pafupifupi 25. Chipolopolo cha .303 chimalemera magalamu pafupifupi 25, kotero kuti mtolo umodzi sunkapitirira zipolopolo 1,000. Asilikali 100, aliyense akuwombera zipolopolo 15, ankatha zipolopolo 1,500 pa mphindi imodzi yokha. Ndiye kuti mtolo umene munthu adauvutikira milungu iŵiri unkatha mphindi isadakwane. Liŵiro lija tidaliyamikira pa Lee-Enfield lidali katundu pa khosi la munthu wina. Tisaiŵalenso kuti wosenzayo amadya. Ngati adya kilogalamu imodzi patsiku, munthu wosenza ufa pa ulendo wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwera amadya pafupifupi mtolo wake wonse. Motero pankafunika anthu osenzera chakudya anthu osenza zipolopolo, ndipo mzere ukamatalika chiŵerengero chawo chinkakwera modabwitsa.

Akatswiri a mbiri amaŵerengera kuti dziko lino lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthaŵi imene anthu onse m'dzikoli adali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Poyamba ena adapita mwa kufuna kwawo, koma mbiri ya zoŵaŵa itafika kumidzi, boma lidayamba kukakamiza mafumu kupereka anthu, ndipo apolisi ankagwira amuna ngakhale usiku. Ambiri adathaŵira kumapiri ndi kutchire. Opitawo adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo cha kumapiri ozizira ndi njala, kuposa amene adafa ndi zipolopolo. Kumudzi minda idatsala m'manja mwa amayi ndi nkhalamba, chakudya china nkugulidwa mokakamiza kuti chikadyetse ankhondo. Chakumapeto kwa 1918 mliri wa fuluwenza udafika, nkupeza anthu atafooka kale.

Tsono tibwerere ku funso lathu lija. Tikanena za chitsulo chokha, Lee-Enfield idaposa zinzake pa liŵiro ndi pa kuyenerera nkhondo ya m'tchire, Gewehr 98 idaposa pa kulimba, Mauser-Vergueiro idali yabwino koma idathandiza kwambiri olanda kuposa eni ake, ndipo Mauser ya 1871 idali itatha nthaŵi yake. Koma mfuti zisanu za ku Mandala ndi mfuti zolanda za ku Abercorn zikutiphunzitsa kuti mphamvu ya mfuti ili m'njira imene zipolopolo zake zimadzera. Kuno kwathu njirayo idali ya anthu oyenda opanda nsapato.

Ku Zomba kuli chipilala chachitali chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo ku Karonga kuli manda a ena amene adafa mu 1914. Amtengatenga ambiri adaikidwa m'mbali mwa njira, m'manda opanda dzina. Chikumbutso chawo chidatsalira m'chiyankhulo, pakuti mawu akuti mtengatenga, amene lero timawamva ponena za magalimoto, njanji ndi ndege za pa Chileka, kalelo ankatanthauza munthu wa nkhata pamutu. Tikamakwera mapiri a ku Madziabango titakhala pampando wa basi, tizikumbukira kuti mawu amenewa adayamba ndi agogo athu.